Makatoni Ovala Nsalu

Mayi Telala anayala tepi yawo yoyezera patebulo n'kuunguza uku ndi uku.

"Nanga makompyutawo ali kuti, a Sisitala? Ndiyeze chiyani?"

A Sisitala, omwe ankayang'anira chipatala chaching'onocho, anayamba atseka chitseko. Kenako anawerama kunsi kwa tebulo n'kutulutsa katoni ya magolovesi yopanda kanthu. Anaikhazika patebulo, n'kutulutsanso ina.

"Muyeze izi."

"Makatoni?"

"Tsitsani mawu, mayi. Mukasoka zovindikira zokongola, angadziwe ndani kuti pansi pali katoni? Kompyuta yeniyeni tili nayo imodzi, ndipo inasiya kuyaka chigwereni mphezi ija. Imeneyonso muivindikire."

Nkhani yake inali iyi. Boma linkafuna kuyamba kugwiritsa ntchito nzeru zamakina. Awa ndi makompyuta ophunzitsidwa kuwerenga zimene anthu alembamo, n'kumalosera zimene zifunike kutsogolo. M'zipatala, makinawo ankati aziona kuchuluka kwa odwala n'kumaitanitsa okha mankhwala kunkhokwe yaikulu. Koma lisanayambe, boma linatumiza anthu oti ayende m'maofesi ndi m'zipatala kukayeza ngati malowo akonzeka. Oyezawo anali atatsala pang'ono kufika.

"Anzathu a kutsidya kwa msewu waukulu akuti anakhoza," anatero a Sisitala. "Ndiye ife tikhale kumchira? Bwana wanga andiyang'ana ndi diso lanji?"

Mayi Telala sanaonepo cholakwika. Iwo anali mu komiti ya anthu wamba yothandiza chipatalacho, ndipo ankachikonda ngati nyumba yawo. Amuna awo, a Dalaivala, omwe anapuma pantchito yoyendetsa basi, ankadwala shuga. Mwezi ndi mwezi ankatenga mankhwala a jakisoni pawindo la chipatala chomwecho. Angalole bwanji kuti malo otere achite manyazi? Alendo akamabwera, mphasa yong'ambika imalowa kuchipinda. Zimenezo aliyense amazidziwa.

"Zisiyeni m'manja mwanga," anatero, n'kuzunguliza tepi pa katoni.

Anasankha nsalu yobiriwira, yolimba, n'kuikamo kamzere koyera m'mphepete. Tsiku lonse makina osokera analira pakhonde. A Dalaivala anakhala pampando wawo wandalema, wailesi ili pamiyendo, akuonerera.

"Ine malaya anga akudikira batani kuyambira nthawi ya mvula," anatero. "Koma katoni yapeza diresi lero lomwe."

"Katoniyo siyankhula ngati inu."

Chakumadzulo kunabwera aneba awo, a Kalaliki, ogwira ntchito ku ofesi yopereka ziphaso za malonda. Ankafuna buluku latsopano. Mayi Telala anawaimika pakati pa khonde n'kuwazunguliza tepi m'chiuno. Mimba ija, imene inalowa pageti patsogolo pa mwini wake, inali itasowa.

"Pumani, aneba. Mukomoka."

"Ndikupumatu."

"Mukupumira m'makutu? Tulutsani mimbayo. Chaka chatha munandinamiza chomwechi, buluku linakaphulikira pamsonkhano, n'kumauza anthu kuti telala sadziwa ntchito."

"Unali ulusi wowola umene uja."

"Ulusi unalibe mlandu. Ine ndimasoka zimene tepi yandiuza. Mukainamiza tepi, mwanamiza chiuno chanu chomwe."

A Kalaliki anatulutsa mpweya, mimba n'kubwerera pamalo pake. A Dalaivala anaseka mpaka wailesi inatsetsereka. Apa ndi pamene a Kalaliki anaona nsalu zobiriwira zija zitapachikidwa pachingwe.

"Nanga izi n'za ndani? Ana opanda manja?"

"N'za makatoni," anayankha a Dalaivala asanaletsedwe. "Makatoni a kuchipatala akukachita makompyuta mawa. Kukubwera alendo."

Mayi Telala anawaponyera amuna awo diso lakuthwa, koma mawu anali atatuluka kale. Ankayembekezera kuti a Kalaliki aseka. Sanaseke. Anakoka kampando n'kukhala pansi, tepi ikadali lende paphewa.

"Mlongo wanga, ife tinachita zomwezi," anatero. "Oyeza atabwera ku ofesi kwathu, tinabwereka makompyuta kwa mnzathu wa shopu yosindikiza. Tinabwerekanso jenereta n'kuibisa kuseri. Bwana anatiuza kuti aliyense akafunsidwa ngati anaphunzira, avomere. Ine ndinavomera mokweza kuposa onse, pamene sindinkadziwa ngakhale pozimitsira."

"Ndiye munakhoza?"

"Tinakhoza bwino zedi. Anatiombera m'manja. Kenako anabwera kudzatenga mabuku athu a ziphaso, amvekere, okonzeka safunikanso mapepala. Thandizo lonse, sola, maphunziro, zingwe za netiweki, linapita kwa amene ananena kuti alibe. Ife anangotilumikiza ku makina n'kutisiya. Si tinati tili nazo zonse?"

"Nanga pano?"

"Bwerani mudzaone mzere wake. Magetsi akazima, ntchito yaima. Akayaka, makina akukana munthu chifukwa dzina lake tinalilemba mokhota. Munthu wagulitsa pamsika zaka zonsezi, makina akuti kulibe munthu wotero. Amatukwana ine, poti makina alibe makutu."

Mayi Telala anapinda tepi pang'onopang'ono. "Koma kwanu n'ziphaso. Kuchipatala n'kwina."

"N'chifukwa chake ndakhala pansi. Makina amenewa ndi anzeru, koma sadziwa kanthu kupatula zimene mwawauza. Chipatala chikalembedwa kuti chakonzeka, a Sisitala asiya kuitanitsa mankhwala pamanja. Makina ndi amene aziwerenga odwala. Tsono tandiuzani, ndani adzawauze makinawo kuti kuno kuli a Dalaivala ofuna jakisoni? Katoni?"

A Dalaivala anazimitsa wailesi.

"Ndiye kuti moyo wanga ukhala m'manja mwa katoni ya magolovesi," anatero, akuyesa kuseka, koma kusekako sikunatuluke.

Mayi Telala anakumbukira mwezi wina umene galimoto ya mankhwala inachedwa. Amuna awo anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe, maso kulowa, kenako anagwa pakhomo la bafa. Anachita kuwanyamula anthu anayi. Kumeneko kunali kuchedwa chabe. Nanga galimoto ikadzapanda kubwera n'komwe, poti makina akuganiza kuti kuno kulibe wodwala?

Anayang'ana nsalu zija pachingwe. Zinali zosokedwa bwino, zopanda ulusi wolendewera. Sanasokepo bodza laudongo chonchi.

M'mawa analawira kuchipatala. Anapeza a Sisitala akulamula anthu kukolopa, kupukuta mawindo, kukankhira benchi yothyoka kuseri. Anawakokera pambali n'kuwafotokozera zonse za a Kalaliki.

A Sisitala anapukusa mutu. Maso awo anali otopa.

"Mayi, zimenezo mukanandiuza dzana. Alendo ali m'njira. Ndikanena kuti tilibe magetsi odalirika, tilibe ophunzira, tilibe chilichonse, adzati mkazi uyu walephera ntchito. Inu mudzabwerera ku makina anu osokera. Wosamutsidwa ndine."

"Nanga mankhwala akadzasiya kubwera, adzati walephera ndani?"

"Tidzaona kutsogolo. Bweretsani nsaluzo."

Anawapatsa. Chipinda chinali cha a Sisitala, ndipo Mayi Telala sanali munthu wolanda ulamuliro m'nyumba ya eni.

Woyeza amene anafika tsikulo anali mayi wachitsikana wa nsapato zafumbi, wooneka kuti wayenda m'zipatala zambiri. Anakana mpando wapamwamba umene anamukonzera n'kukhala pabenchi limodzi ndi a komiti.

"Ndisanayambe, ndinene chimodzi," anatero. "Sindinabwere kudzagwira wolakwa, ndiponso ndilibe mphotho m'chikwamamu. Boma lathu likufuna kudziwa ngati lakonzeka kugwiritsa ntchito nzeru zamakina. Silingadziwe zimenezo litakhala mu ofesi yaikulu mumzinda. Boma ndi zipinda ngati zino. Zimene ndipeze kuno ziphatikizidwa ndi za kwina konse, ndipo akuluakulu aona poyambira."

Onse anagwedeza mitu mwaulemu, monga amachitira anthu amene sakukhulupirira.

Analowa mu ofesi muja. Patebulo panali zinthu zinayi zitafoleredwa bwino, zobiriwira ngati munda wothirira. Woyeza anamwetulira n'kusisita nsalu imodzi m'mphepete.

"Koma izi ndiye zokongola. Anasoka ndani?"

"Ndine," anayankha Mayi Telala.

"Muli ndi luso, amayi. Zikuoneka kuti pano makompyuta mumawasamala. Ndiye onse anayi amagwira ntchito?"

A Sisitala anatsegula pakamwa. Cholembera cha Woyeza chinali chikutsika kale. Mayi Telala anachiyang'ana cholemberacho, ndipo m'maso mwawo munabwera pakhomo la bafa paja.

"Taimani kaye, mwanangu," anatero.

Onse anatembenuka. Mayi Telala sanayang'ane Woyeza. Anayang'ana a Sisitala.

"A Sisitala, nsaluzi ndinasoka ndine, koma chipinda n'chanu. Sindivundukula popanda inu kulola. Ndingonena kuti pa odwala amene mumawadziwa mayina, mmodzi amagona m'nyumba mwanga."

A Sisitala anayang'ana pawindo, pamene mzere wa odwala unali utakhota mpaka pamtengo. Kenako anapumira m'mwamba, mpweya wautali, ngati wa a Kalaliki aja atasiya kubisa mimba. Anatambasula dzanja n'kuchotsa okha nsalu yoyamba.

Katoni ya magolovesi inaonekera poyera. Yachiwiri inali ya mabandeji. Yachitatu inali itanyowa pangodya.

"Yachinayiyo ndi yeniyeni," anatero a Sisitala. "Koma ndi maliro."

Wa komiti wina anatsokomola. Mlonda, yemwe ankasuzumira pakhomo, anabweza mutu. Woyeza anaika cholembera pansi, mapewa ake n'kuyamba kugwedezeka. Anali kuseka.

"Pepani," anatero akupukuta misozi. "Ndaona makompyuta obwereka opanda zingwe. Ndaona jenereta ikulira kuseri, eni ake akundiuza kuti ndi chigayo cha aneba. Koma makatoni otchena chonchi ndi oyamba. A Sisitala, zikomo. Mwandipeputsira ntchito, ndipo mwapulumutsa odwala anu. Tsopano tiyeni tiyeze zenizeni."

Apa ndiye zinthu zinatembenuka. Anthu omwe m'mawa ankabisa, tsopano ankalimbirana kuonetsa. Mlonda anamutengera Woyeza ku soketi imene inkathetheka moto mvula ikagwa. Wogwira ntchito yopima magazi anamuonetsa chulu cha kuseri kwa chimbudzi, malo okhawo ogwira netiweki, ndipo anakwerapo n'kuimika foni m'mwamba kuti aonetse mmene amachitira. Namwino wamng'ono anaulula kuti sanagwirepo kompyuta chibadwire. Wopereka mankhwala anatsegula firiji n'kunena kuti magetsi akazima amathamangira kwa wogulitsa zakumwa kukapempha madzi oundana.

Woyeza ankafunsa modekha. Kodi mbiri za odwala n'zolembedwa bwino, kapena munthu mmodzi ali ndi mayina atatu? Zikalowa mu kompyuta, ndani aziona, ndipo ndani aletse kuti matenda a munthu asamveke kumsika? Kompyuta ikawonongeka, wokonza ali kutali bwanji? Pena yankho linali "tilibe", pena "sitidziwa". Palibe amene anachita nazo manyazi.

Atamaliza, anatembenukira kwa a komiti. "Nanga inu eni chipatala, muli ndi funso?"

Mayi Telala anali nalo. "Makinawo akadzalakwitsa, tikadandaule kwa yani? Ine ndikufuna munthu wa makutu awiri, woti ndikhoza kumupeza pampando."

"Limenelo ndi limodzi mwa zimene timayeza," anayankha Woyeza. "Malo sanakonzeke ngati palibe munthu wokhala ndi mphamvu yotsutsa makina. Boma nalonso silinakonzeke ngati lilibe lamulo lokutetezani. Mawaya okha sakwanira. Funso lanulo ndilipititsa mmene mwalinenera."

Zotsatira zitabwera, chipatalacho chinalembedwa kuti sichinakonzeke. A Sisitala anadikira kukalipiridwa. Bwana wawo anaimbadi foni, koma n'kuti atatopa ndi madandaulo ochokera kumalo amene anakhoza mwabodza, kuphatikizapo kutsidya kwa msewu waukulu kuja. Anangofunsa kuti, "Mukufuna tiyambe ndi chiyani?"

Anayamba ndi sola. Kunabwera amisiri n'kuyala magalasi padenga, firiji n'kusiya kudalira wogulitsa zakumwa. Kenako anaimika kachitsulo ka netiweki pamwamba pa thanki ya madzi, chulu chija n'kupuma. Anamwino anapita kukaphunzira mosinthana. Namwino wamng'ono uja, woopa kompyuta, ndi amene anabwerako akuphunzitsa anzake. Anakhala pansi n'kukonza mayina a odwala mmodzimmodzi, ndipo anapeza kuti a Dalaivala analembedwa kawiri, kwina ngati mayi.

"N'chifukwa chake batani langa likuchedwa," anatero a Dalaivala atamva. "Telala sakudziwa kuti asoke malaya kapena bulauzi."

Nthawi yonseyi a Sisitala ankaitanitsabe mankhwala pamanja monga kale, ndipo jakisoni wa a Dalaivala sanaduke ngakhale mwezi umodzi. Kuthamanga sikufika.

Mvula itabwera n'kupita, Woyeza uja anabweranso ndi nsapato zake zafumbi. Ulendo uno palibe anakankhira benchi kuseri. Anayatsa yekha makompyuta atsopano amene boma linabweretsa, anafunsa mlonda, anafunsa odwala pamzere. Pakhoma panali dzina la munthu wolandira madandaulo, ndipo munthuyo analipodi pampando wake. Chipatala chinakhoza, kukhoza kwenikweni.

Makina atayamba ntchito, anaona msanga kuti odwala shuga akuchuluka m'deralo, ndipo galimoto inayamba kufika mankhwala asanathe pashelefu. Tsiku lina analakwitsa, anaitanitsa mankhwala a chifuwa ochepa nyengo yozizira ili pafupi. A Sisitala anaona, anakana, n'kukonza. Makina anaphunzirapo. Umo ndi mmene ziyenera kukhalira: makina awerenge, munthu agamule.

A Kalaliki nawo analimba mtima. Anauza bwana wawo kuti apemphe kuyezedwanso, ndipo ulendo uno jenereta ya eni inakhala kwa eni. Buluku lawo latsopano likadali lamoyo mpaka lero, ngakhale mimba sinachepe.

Nanga nsalu zobiriwira zija? Mayi Telala anapita nazo kuti akavindikire makompyuta atsopano, koma palibe imene inakwana. Zinali zazikulu ngati matumba, poti zinadulidwa poyeza makatoni. A Sisitala anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Musaseke, munandituma ndinu," anatero Mayi Telala, akutulutsa tepi m'thumba. "Sunthani ndiyeze chinthu chenicheni."

Nsalu zakalezo anazisandutsa mapilo a pabenchi la odwala. A Dalaivala amakhalira imodzi mwezi ndi mwezi podikira jakisoni wawo, ndipo aliyense wokhala pafupi amamufotokozera kuti akukhalira diresi la katoni. Batani lija Mayi Telala anawasokera.

Phunziro lake silofuna kuzungulira. Nzeru zamakina zingathandize boma kutumikira anthu msanga, koma zimafuna magetsi, netiweki, anthu ophunzitsidwa, mbiri zolembedwa molondola, chinsinsi chotetezedwa, ndi munthu woti ayankhe zikalakwika. Kuyeza kukonzeka si mpikisano wa kukongola. Ndi njira yoti thandizo lipite kumene kuli dzenje. Mwana wosalira amafera mumbereko.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, kaya muli mu ofesi, kaya mu komiti, kaya mumangoima pamzere, chitani bwino kuposa Mayi Telala. Iwo anachita kusoka kaye bodza n'kudzazindikira pambuyo. Inu musalisoke n'komwe. Oyeza akabwera kwanu, aonetseni soketi yothetheka, akwezeni pachulu, afunseni kuti mukadandaula kwa yani. Tulutsani mimbayo, tepi inene zoona.